Tsitsi Langa Lili Kutsidya kwa Malire

Iwe Misozi, mdzukulu wanga, kope ili ndi lako. Unabwera mwezi watha ndi mapepala ofunsira ntchito ya boma, n'kundifunsa uli chiimire kuti, "Agogo, kodi tili ndi abale kunja kwa dziko lino?" Ndinakuuza kuti ukhale pansi umwe madzi, ndipo unachoka osayankhidwa. Sikuti sindinamve. Pakhonde panali mkazi wa pa nyumba yachiwiriyo, amene anati wadzapala moto koma phale analibe. N'chifukwa chake ndalemba m'malo molankhula. Ukawerenga ubise. Usapatse amalume ako, usapatse abusa, usapatse mnyamata amene amakuperekeza uja. Za ubwana wanga ndizidumpha, palibe chimene chingakuthandize. Ndiyambira pa ntchito.

1952

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala ka ku Zemba. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nditangomaliza Sitandade 6 ku sukulu ya mishoni. Bwana wanga anali a Njobvu, wotsuka mabala, koma anthu ankawatcha adokotala ndipo iwo sankakana. Ine ndinkalemba makadi a odwala, kuwiritsa masingano, ndi kuchapa mabandeji. Bandeji imodzi inkazungulira miyendo ya anthu asanu isanatayidwe. Kwinini ankatha mvula ili pakati, tikatero tinkangopatsa anthu madzi amchere ndi mawu abwino. A Njobvu anali munthu wa mtima wapachala, komabe anandiphunzitsa chinthu chimodzi: dzina la munthu uzililemba moti wina aliyense aliwerenge, chifukwa mwini wake sadzakhalapo nthawi zonse kuti adzinenere.

Kuti mtsikana afike Sitandade 6 masiku amenewo, panafunika munthu wouma mutu kumbuyo kwake. Wanga anali atsibweni anga a Chikuse, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Iwo ankakhala kwa Chimwaza, m'dziko la Apwitikizi, ulendo wa tsiku limodzi wapansi kuchokera kwa Zingalume, mudzi wa mbali ino kumene ndinakulira. Kwa Chimwazako ndiko kwathu kwenikweni, ndiko ndinabadwira. Apwitikizi atayamba kugwira amuna kupita nawo ku chibalo, ntchito ya ukapolo ija, ndi kukakamiza akazi kulima thonje, atsibweni anawolotsa amayi ndi ine ndili kumsana, n'kutisiya kwa Zingalume. Iwo anabwerera. Anati manda a makolo sangasiyidwe opanda wolambula. Chaka chilichonse tikakolola ankabwera ndi fodya wopota ndi mtedza, n'kukhala pamwala kuseri kwa nyumba. Kuwerenga sankadziwa. Ankatenga sileti yanga chadodolido, n'kunena kuti, "Lemba dzina langa ndilione." Ndikalemba ankaliyang'ana nthawi yaitali n'kuseka. "Ndiye ndine ameneyu? Wowonda chonchi?"

Ku Zemba komweko ndinakwatiwa ndi agogo ako aamuna. Tinabereka amayi ako ndi amalume ako. Mu 1954 agogo akowo anapita ku Halale kukafuna ntchito. Analemba makalata awiri. Yachitatu ndikuyembekezabe.

1956

Mzungu wina wa ku boma anabwera kudzayendera kachipatala, naona makadi anga. Patapita milungu itatu panabwera mesenjala ndi kalata yoti ndikaonekere ku Chadiza. Kumeneko ndinapeza kuti akufuna munthu wophunzira kutayipa. Ndinali mkazi ndekha pa ofesi yonse. Amesenjala ankati ndikamadutsa amenyetse nsapato pansi n'kuchitira sawatcha, "Bwana mkazi wafika!" Ndinkangodutsa. Anandipatsa nyumba ya chipinda chimodzi ku mzere wa antchito a boma, ya malata, ndipo ana anga anagona koyamba pansi pa denga losadontha.

Amene anandiphunzitsa makina anali a Daka, kalaliki wamkulu, munthu wa imvi za m'mbali, mkulu wa mpingo ku tchalitchi chathu. Ankaphimba zala zanga ndi nsalu kuti ndisayang'ane zilembo. Ankanditcha mwana wawo, ndipo ine ndinawatenga ngati bambo anga. Makinawo anali akale, olemera ngati mphero. Chilembo chimodzi chinali chopindika, chinkagwera pansi pang'ono kusiyana ndi zinzake, moti pepala lililonse lotuluka m'makina amenewo ndinkalizindikira ndili patali. Liboni ya inki ikauma tinkaidonthezera parafini kuti itsitsimuke. Kaboni, pepala lakuda lokopera, tinkamugwiritsa ntchito mpaka ukamuyang'anitsa kudzuwa uzitha kuona mtengo wa panja. Maenvulopu obwera kuchokera ku Fort Jameson, imene lero mukuitcha Chipata, tinkawamatula bwinobwino ndi nthunzi ya ketulo, kuwatembenuza, n'kuwatumizanso.

Bwana wa boma, mzungu, tinkamutcha Kafumbata, chifukwa makiyi ake sankawaika m'thumba, ankayenda atawafumbata m'manja. Sanali wankhanza. Anali munthu woopa zinthu: njoka, madzi a pachitsime, makalata ochokera kwa akuluakulu ake. Chinyanja ankachidziwa chongolamulira.

Mnzanga pa mzere wa nyumba anali Tisauke, mkazi wa mesenjala wina, woseka kwambiri, wa mpata kumano. Loweruka lililonse masana ankandiluka tsitsi ndi ulusi wakuda pansi pa mtengo wa mango. Tsitsi langa linali lambiri, ndipo iye ankadandaula kuti, "Asisi, mutu wanuwu ndi munda wa mfumu, munthu mmodzi sangaumalize." Ankadziwa zonse za ine, ndipo ine ndinkadziwa zonse za iye. Ndinkaganiza kuti kumeneko ndiko kukhala ndi mnzako.

1958

Chakumapeto kwa chaka chimenecho ndale zinatentha. Kunkamveka za misonkhano m'matauni, za anthu ogwidwa, za ena othawira m'mayiko oyandikana nafe kudzera m'tinjira ta kumidzi. Mu ofesi ya bwana munali kabati wachitsulo momwe munkakhala makalata achinsinsi. Amenewo bwana ankawatayipa yekha ndi zala ziwiri. Atachuluka, anatopa. Anandiitana n'kunena kuti akufuna ndiziwatayipa ine, ndipo adzandipatsa kiyi wachiwiri wa kabatiyo, koma poyamba apolisi a ku Fort Jameson ayenera kundifufuza n'kuvomereza. Anandipatsa fomu ya masamba anayi.

Mafunso oyamba anali osavuta: dzina, mudzi, mpingo, sukulu. Lachisanu ndi chiwiri linkafunsa ngati ndili ndi mbale aliyense, wa kuchimuna kapena wa kuchikazi, kapena munthu woyenderana naye, wokhala m'dziko la boma lina. Pansi pake anasiya mizere isanu yolembapo mayina. Ndinatenga fomuyo kupita nayo kwa a Daka.

"Pano ndilembe chiyani, bambo?"

Anakankha chitseko ndi phazi. "Uli ndi ndani kutsidya?"

"Atsibweni, ana awo, amayi aang'ono awiri. Agogo anagona komweko. Mizere isanuyi sikwana."

"Mwana wanga, m'boma lino ndani alibe mbale kutsidya? Malire aja anawadula pakati pa minda ya anthu. Koma ukalemba dzina limodzi lokha, pepalali likagona ku Fort Jameson miyezi isanu ndi umodzi, n'kubwera ndi mzere wofiira. Kiyi sudzamuona. Ndiponso akayamba kukukayikira pa kabati, mawa adzakukayikira pa makina."

"Nanga akadzadziwa?"

"Adzadziwa ndi ndani? Mzungu uja njira ya kwa Zingalume amaidziwa pa mapu pokha." Anatsitsa mawu. "Ine amayi anga anabadwira kutsidya komweko, ndipo achimwene anga ali konko mpaka lero. Ndinalemba kuti palibe. Ndili pano zaka zingati?"

Ndinabwerera pa tebulo langa, ndinaviika cholembera mu inki, n'kulemba kuti palibe, mwa zilembo zoyera bwino zimene a Njobvu ankazitama. Sindinazengereze n'komwe. Ndikunena zimenezi kuti usandiyese munthu wabwino kuposa momwe ndinalili. Mu Januwale chilolezo chinabwera. Bwana anandipatsa kiyi, ndipo ndinamumanga pa chingwe n'kumuvala m'khosi, m'kati mwa diresi. Za zimene zinali m'kabatimo sindilemba. Ndinalumbira, ndipo lumbiro limenelo sindinaliswe, ngakhale boma limene ndinalumbirira linapita kalekale.

Juni 1959

Lachinayi lina masana ndinapita ku msika kukagula mchere. Ndinaona munthu ataima pafupi ndi ogulitsa nzimbe, fumbi lofiira mpaka m'mawondo. Anali Zakeyo, mwana wa atsibweni, msuweni wanga. Chisuweni chathu chinali chaphokoso. Nthawi zonse akandiona ankakuwa kuti, "Mkazi wanga wa ku boma, wandisungira chiyani?" ndipo ine ndinkamuyankha kuti mwamuna wopanda nsapato ndinamukana kale. Tsiku limenelo anangoti, "Esinati." Ndinadziwa pomwepo kuti zaipa.

"Abambo atisiya. Chifuwa chija. Tinawaika dzana."

"Amayi amva?"

"Ndadzera kumeneko. Kumeta ndi Lamulungu m'mawa. Akuti ubwere."

Ndinayang'ana uku ndi uku kuona amene akutiona, ndisanalire n'komwe. Umu ndi momwe kiyi uja anali atandisinthira. Ndinamuuza Zakeyo kuti atsogole, tisayendere limodzi. Kwa bwana ndinapempha masiku atatu, ndinati amayi akudwala kwa Zingalume. Ana ndinawasiya kwa Tisauke ndi bodza lomwelo. Ndinabwereka njinga mpaka kwa amayi, ndipo Loweruka m'mamawa tinauyamba wapansi awiriwiri. Malire ake anali mulu wa miyala wopakidwa laimu pakati pa udzu, mbuzi zikudya mbali zonse ziwiri. Amayi anadutsa osacheuka. Ine ndinagwira pachifuwa pamene panali kiyi.

M'maganizo mwanga ndinali nditakonza bwino. Ndikalira, ndikaona manda, ndikagona tsiku limodzi, n'kubwerera, palibe amene adzadziwe. Za lumo sindinaziganizire. Ife a mishoni tinali titayamba kuleka mwambo umenewo, ndipo ine chikulire ndinali ndisanafedwe kutsidya. Koma kwa Chimwaza kunalibe mishoni. Kumeneko maliro satha mpaka abale onse a womwalirayo atametedwa mpala, amuna ndi akazi omwe, ndipo tsitsi lawo lisonkhanitsidwe n'kukwiriridwa pamodzi. Alendo sametedwa. Anansi sametedwa. Mutu wa mpala umanena wokha kuti amene wapitayo ndi magazi ako.

Lamulungu dzuwa litangokwera, akazi tinakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba ya atsibweni. Gogo wina wa mudzi woyandikana, amene ankameta pa maliro onse a kumeneko, ananola lumo pamwala n'kuyamba ndi amayi. Ndinaona tsitsi lawo la imvi likugwera pa nsalu. Anatsatira amayi aang'ono. Mzere unkafupika. Amayi atabwerera pa mphasa ndinawanong'oneza.

"Amayi, ine ndisametedwe."

"Chifukwa?"

Ndinawauza za fomu, za funso lija, za kiyi. Anandimvera osandiyang'ana.

"Unalemba kuti palibe."

"Ee."

"Ndi dzanja lomwe atsibweni ako ankalipempha kuti liwalembere dzina."

Pamenepo amayi anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Sindikukukakamiza, Esinati. Ana ndi ako, nyumba ya malata ndi yako. Koma ukadzuka pano ndi tsitsi lakolo, anthu awa anena chimodzi mwa ziwiri. Kaya kuti si iwe wathu, kaya kuti ukudziwapo kanthu pa imfayi n'chifukwa ukuopa lumo. Undiuze chimene ndikawayankhe, chifukwa akafunsa ine."

Ndinayamba kuwerenga m'mutu zimene nditaye. Amayi ako anali atangoyamba sukulu ku boma. Mwamuna ndinalibe. Munda ndinalibe. Ndinkadziwanso bwino kuti amesenjala amadziwa maliro onse a m'boma lathu, mudzi ndi mudzi, chifukwa inali ntchito yawo kukanena. Mkazi wa pa ofesi akatulukira ndi mpala pamene mbali yathu sikunafe mbale wake, funso lake ndi limodzi basi.

Pamenepo Zakeyo anasuzumira kuchokera kumene kunali amuna, mutu wake ukunyezimira kale. Maso anali ofiira, koma chisuweni sichifa ndi maliro.

"Mkazi wanga wa ku boma, ukuchedwa chiyani? Ukufuna ndikwatire wina wa mpala mnzanga? Kapena tsitsilo nalonso ndi la Mfumukazi ya ku Mangalande?"

Akazi anaseka, ena akupukuta misozi. Kuseka kumeneko ndiko kunandidzutsa. Ndinakagwada patsogolo pa gogo uja. Anayamba kumasula ulusi wa Tisauke umodziumodzi, akung'ung'udza kuti amene analukayu manja ake ndi abwino. Kenako ndinamva lumo lozizira pamwamba pa khutu. Nditawerama, kiyi anatuluka m'diresi n'kumalendewera pamaso panga, ndipo ndinamuyang'ana mpaka gogo anamaliza. Tsitsi langa analikokolola n'kuliika m'phale limodzi ndi la amayi ndi la enawo, lakuda ndi la imvi osasiyanitsa, ndipo analikwirira m'mphepete mwa njira ya kumanda.

Julayi 1959

Ndinabwerera ku ntchito nditavala duku. Kunali kozizira, choncho palibe anadabwa. Bwana anafunsa za amayi, ndinati ali bwinoko. Loweruka loyamba ndinauza Tisauke kuti mutu ukundiwawa. Loweruka lachiwiri anabwera yekha kunyumba ndi ulusi ndi chipeso.

"Asisi, lero simundithawa. Mukufuna nsabwe zimange boma lawo m'menemo?"

Ndisanayankhe anakoka duku mwachibwana, akuseka. Kuseka kunathera pakhosi. Anakhala pa mpando pang'onopang'ono.

"Wamwalira ndani?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati zipere, ndikanati nsabwe. Koma ndinali nditasunga maliro m'mimba milungu iwiri popanda wondipepesa, ndipo munthu wofedwa amafuna wina amuuze kuti pepani. Ndinamuuza zonse, mpaka nthabwala ya Zakeyo. Analira nane. Analumbira pa ana ake kuti sizituluka pakamwa pake. Anandimanga duku yekha, bwinobwino, n'kukoka kutsogolo kuti m'mbali musaoneke.

Patapita masiku khumi bwana anandiitana. Mu ofesi munali iye ndi a Daka, amene anaima pambali pa zenera manja ali kumbuyo. Pa tebulo panali fomu yanga, yotsegulidwa pa funso lachisanu ndi chiwiri, ndipo pambali pake pepala lina lotayipidwa, lopanda dzina pansi. Ndinaliona chadodolido, koma sindinafunike kuliwerenga lonse. Chilembo chija chinkagwera pansi m'mzere uliwonse. Linatuluka m'makina anga. Pa ofesi yonse odziwa kutayipa tinali atatu: ine, bwana wa zala ziwiri amene ankadzaza pepala ndi zofufuta, ndi amene anandiphunzitsa. Pepalalo linali loyera, lopanda cholakwa ngakhale chimodzi. Chapakati pake ndinaona mawu onena za Mfumukazi ya ku Mangalande. Nthabwala imeneyo mbali ino ya malire ndinali nditauza munthu mmodzi yekha.

"Esinati, vula duku," anatero bwana.

Ndinavula. Tsitsi linali litangoyamba kumera ngati udzu wa pa lupsa. Bwana anayang'ana a Daka. Iye payekha sakanadziwa kanthu, akanaganiza kuti ndi matenda. A Daka ndiwo anamufotokozera, m'Chingerezi chawo chabwino chija, ndi mawu ofatsa ngati akuphunzitsa kalasi ya ubatizo, kuti pa mwambo wa anthu a kuno amametedwa ndi abale enieni okha.

Ndinatembenukira kwa iwo n'kulankhula m'chinenero chathu. "Bambo, si inu munandiuza kuti ndilembe choncho?"

Anayankha osasuntha nkhope, ngati akundimasulira funso la bwana. "Anamva ndani, mwana wanga?"

Chingerezi ndinkachidziwa. Ndikanatha kuuza bwana pomwepo za amayi awo ndi achimwene awo a kutsidya, ndipo tikanatuluka pa khomo limenelo awiri. Mawu anafika pa lilime. Sindinawanene. Wina angati unali mtima wachikhristu. Sindikudziwa. Mwina ndinangoona kuti m'chipindamo muli kale munthu mmodzi wogulitsa mnzake, ndipo sindinafune kuti tikhale awiri.

Bwana anapukuta thukuta ngakhale kunali kozizira. Anati sakufuna kunditaya, chifukwa kupeza wina wotayipa kutenga chaka. Anati apolisi akufuna yankho pa lole ya Lachisanu, koma pali njira. Ndilembe ndi kusayina kuti womwalirayo sanali mbale wanga, anali mnansi chabe wa amayi wakalekale, kuti ndinangoperekeza nkhalamba yosatha kuyenda yokha, ndi kuti anthu osaphunzira a kumeneko anandimeta mondikakamiza. Iye adzalemba pansi pake kuti akundikhulupirira. Ndidzadzudzulidwa, koma kiyi akhala wanga. Anandikankhira pepala loyera ndi cholembera chake chomwe.

Ndinaganiza za denga la malata. Ndinaganizanso za phale lija. Kukana munthu wamoyo amene sakudziwa kuti wamukana ndi chinthu china, ndipo ndinali nditachichita kale. Apa ankafuna ndikane munthu amene dothi la pamanda pake linali lisanaume, ndinamizirenso amayi ndi gogo wometa uja kuti anandigwira ndi mphamvu.

"Bwana, palibe anandikakamiza. Ndinagwada ndekha. Anali mlongo wa amayi anga, ndiye anandipititsa ku sukulu. Dzina lawo ndi a Chikuse. Ngati mukufuna ndilembe, ndilemba limenelo."

Anafumbata zolimba makiyi ake m'chibakera. Kenako anatambasula dzanja linalo. Ndinavula chingwe m'khosi. Chinadutsa mosavuta, pamutu panalibe chochigwira.

Zotsatira zake

Sanandimange. Ofufuza anabwera kawiri kudzandifunsa ngati ndinanyamula kalata kapena uthenga kupita kutsidya, ndipo sanapeze kanthu chifukwa kunalibe kanthu. Koma makina anandichotsapo, nyumba anandilanda, ndipo pa fayilo yanga analembapo kuti ndisadzagwirenso pepala lililonse lachinsinsi. Ananditumizanso ku Zemba kukalemba makadi a odwala. A Njobvu atandiona anangoti, "Wabwera? Masingano ali apo." Amayi ako analeka sukulu zaka ziwiri chifukwa kunali kutali, ndipo pobwerera anali wamkulu pakati pa tiana, manyazi anamugwira, sanapitirire Sitandade 4. Zimenezi amazidziwa, koma chifukwa chake sindinamuuzepo. Mtengo wa mpala uja anaulipira ndi iye, osati ine ndekha. Azungu atapita ndinaganiza kuti mzere wofiirawo upita nawo. Fayilo inatsala. Ndinalemba makadi mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito.

Tsiku limene tinkakweza katundu pa ngolo, Tisauke anabwera akulira. Anati anangouza mwamuna wake yekha, pa mphasa, ndipo mwamunayo analumbira. Mwina n'zoona. Mwamunayo naye mwina anangouza munthu mmodzi yekha. Ndinamupatsa chipeso chake chimene anaiwala kwathu, ndipo sitinalankhulanenso. Chiyambire pamenepo tsitsi langa ndimalidula ndekha ndi sizasi, palibe munthu amene amaima kumbuyo kwanga. A Daka anakhala pa ntchito mpaka ukalamba, ndipo mwana wa mlongo wawo ndiye anatenga makina anga. Kaya analemba pepala lija chifukwa cha mwanayo, kaya chifukwa choopa kuti ofufuza akayamba ndi ine afika kwa iwo, sindinawafunse. Pa maliro awo ndinapita, ndinaimba nawo nyimbo, ndinakhala kumbuyo komwe ndinkatha kuona aliyense.

Mumandiseka inu ana kuti agogo amatseka zenera asanatchule ngakhale mtengo wa nkhuku. Sekani. Tsopano ukudziwa kumene zinachokera.

Za fomu yakoyo, sindikuuza chochita. Ndinauzidwapo chochita ndi munthu amene ankandikonda, ndipo waona mathero ake. Ulembe wekha, chitseko chotseka, popanda wina woima pambali pako. Koma unandifunsa funso, ndipo ine ndili ndi mizere isanu imene ndinaisiya yopanda kanthu mu 1958. Ndiidzaza pano.

A Chikuse, mwini mbumba, atsibweni anga. Anagona kwa Chimwaza.

Zakeyo, mwana wawo, msuweni wanga. Anagona pambali pa bambo ake, ana ake asanu ndi mmodzi ali moyo konko.

A Nasiwelo, amayi aang'ono, ndi zidzukulu zawo.

A Tiyanjane, amayi aang'ono, amene analibe mwana koma analera mudzi wonse.

Mzere wachisanu ndi wanga. Esinati Phiri, wobadwira kwa Chimwaza. Thupi lidzagona kuno ku Zemba, koma tsitsi linatsogola kale, lili m'mphepete mwa njira ya kumanda, m'phale limodzi ndi la amayi.

Dzina loyambalo ndalilemba ndi zilembo zikuluzikulu, zonenepa. Ankadandaula kuti ndimawalemba owonda.